Neti ya alamu anga ndi nambala zobisika m'chithunzi

Foni inalira Loweruka m'mawa ndisanamwe n'komwe tiyi. Anali alamu anga, ndipo mawu awo anali a munthu amene wagona ndi mkwiyo. Masiku angapo m'mbuyomo anali atagula neti ya mthunzi yophimbira nazale ya tomato, poti dzuwa la mu Okutobala limawaula mbande zisanafike n'komwe pookera. Pakapepala ka netiyo panalembedwa kuti 50%, kutanthauza kuti imatchinga theka la kuwala kwa dzuwa. Ndalama zake sizinali zamasewera.

"Alamu, atibera," anatero. "Mwanayu wayeza. Neti imeneyi ikungotchinga 27 peresenti basi. Lolemba ndikuinyamula, akandibwezere ndalama zanga."

Mwana amene ankanenayo ndi mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa Fomu 3 amene salephera kupita ku kalabu ya sayansi. Zimene anachita n'zoyamikika ndithu. Anatenga pepala loyera n'kuliika m'mphepete mwa nazale, mbali ina ili padzuwa, mbali ina ili mumthunzi wa neti. Anajambula ndi foni ya mayi ake, n'kukatsegula chithunzicho pakompyuta ya kusukulu. Kumeneko anawerenga nambala zosonyeza kuwala kwa pepalalo. Mbali ya padzuwa inali 230, mbali ya mumthunzi inali 168. Anagawa 168 ndi 230, n'kupeza 0.73. Ndiye kuti 73 peresenti ya kuwala ikudutsa, neti ikutchinga 27 yokha. Masamu ake analibe cholakwika, ndinawabwereza ndekha pakalikuleta.

Komabe ndinawauza alamu kuti asakwere minibasi kaye. Netiyo inalibe mlandu, wogulitsa analibe mlandu, ndipo mwanayo anakodwa mumsampha umene umakola ngakhale akatswiri olemba mapulogalamu a kompyuta. Dzina la msamphawo ndi gamma.

Kodi m'chithunzi muli chiyani?

Tiyambe ndi nambalazo. Mukatenga chithunzi chilichonse cha mufoni n'kuchikulitsa mpaka mapeto, mudzaona kuti chapangidwa ndi timabokosi ting'onoting'ono tondandalikidwa m'mizere ngati njerwa zoyanika. Kabokosi kamodzi kamatchedwa pixel. Mufayilo mulibe nkhope, mulibe mtengo, mulibe pepala. Muli nambala zokhazokha, zouza sikirini kuti pixel iyi iwale chonchi, iyo iwale chakuti.

Nzeru imeneyi si yadzana. Mu 1957, Russell Kirsch ndi anzake a ku National Bureau of Standards ku America analowetsa chithunzi cha mwana wake wakhanda mukompyuta pochiduladula m'timabokosi 176 m'litali ndi 176 m'lifupi. Tonse pamodzi tinali 30,976. Foni ya makamera a 12 megapixel imajambula timabokosi pafupifupi 12 miliyoni, koma mfundo yake ndi yomweyo.

Pachithunzi chopanda mitundu, chija timati black and white, pixel iliyonse imakhala ndi nambala imodzi. Nthawi zambiri nambalayo imasungidwa mu ma bit 8. Bit imodzi imatha kukhala 0 kapena 1, ndiye ma bit 8 amapereka 2 kuchulukitsa ndi 2 kasanu n'katatu, zomwe ndi 256. Poti timayamba kuwerenga pa 0, nambala yomaliza ndi 255. Ziro ndi kuda bii, 255 ndi kuyera mbee, ndipo pakati ponsepo ndi mtundu wa phulusa, wina woderapo, wina woyererapo. Chithunzi cha mitundu chimakhala ndi nambala zitatu pa pixel iliyonse: yofiira, yobiriwira ndi ya buluu. Zitatuzo zikafanana, monga 168, 168, 168, mtundu wake ndi wa phulusa.

Mukhoza kudzionera nokha. Mapulogalamu aulere monga GIMP ndi ImageJ amakuuzani nambala ya pixel iliyonse imene mwalozapo. Mwana wa mlongo wanga anagwiritsa ntchito GIMP.

Tsono funso ndi ili: ngati 0 ndi mdima ndipo 255 ndi kuwala konse, kodi 128 ndi theka la kuwalako? Aliyense amene ndamufunsa amayankha kuti inde, ndipo amandiyang'ana ngati ndikumuyesa wopepera. Koma yankho n'lakuti ayi. Sikirini yanu ikalandira 128 imatulutsa pafupifupi 22 peresenti ya kuwala kwake konse. Sikufika ndi pa kota pomwe. Kuti mupeze theka lenileni la kuwala, muyenera kukwera mpaka cha pa 186 kapena 188.

Diso si sikelo

Kuti izi zimveke, tisiye kaye kompyuta tikambe za diso lanu.

Magetsi azima usiku, mukuwerenga pokonzekera mayeso. Mwayatsa kandulo imodzi. Mlongo wanu wabweretsa yachiwiri, ndipo chipinda chasinthiratu, zilembo zayamba kuoneka. Tsono yerekezani kuti m'chipindamo munali kale makandulo 20, wina n'kuwonjezera imodzi. Mungazindikire? Mwina ayi. Koma kuwala kumene kwawonjezekako n'kofanana ndendende ndi kwa kandulo yachiwiri ija. Kandulo ndi kandulo. Chosiyana n'chakuti poyamba kuwala kunawirikiza kawiri, pomwe kachiwirika kwangowonjezeka ndi 5 peresenti.

Thupi lathu lonse limagwira ntchito chonchi. Wina akakuwonjezerani paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi m'kajumbo momwe munali paketi imodzi, mumamva nthawi yomweyo. Akaiika pamwamba pa thumba la chimanga la makilogalamu 50 limene mwasenza, mwina simungadziwe n'komwe. Wasayansi wa ku Germany, Ernst Heinrich Weber, anafufuza zimenezi m'zaka za m'ma 1830 popatsa anthu zinthu zolemera mosiyana pang'ono kuti anyamule. Gustav Fechner anaziika m'masamu m'buku lake la mu 1860. Zimene anapeza n'zakuti sitimva kuchuluka kwa zowonjezedwazo pazokha, timazimva poyerekeza ndi zimene zinalipo kale.

Zotsatira zake n'zakuti diso limaona msanga kusiyana kwakung'ono pa zinthu zakuda, koma pa zinthu zowala kale limachita ulesi. Akatswiri ojambula zithunzi amayenda ndi kakhadi ka mtundu wa phulusa kamene munthu aliyense akakaona amati kali pakatikati pa kuda ndi kuyera. Mukakayeza ndi chipangizo, kakhadiko kamabweza 18 peresenti yokha ya kuwala kumene kakulandira. Diso likuti theka, chipangizo chikuti 18. Palibe amene akunama. Akuyeza zinthu zosiyana.

Tsono dziikeni m'malo mwa munthu amene akupanga fayilo ya zithunzi. Muli ndi nambala 256 zokha, ndipo muyenera kuzigawa kuyambira pa mdima mpaka pa kuwala. Mukazigawa mofanana potsatira kuwala kwenikweni, zonse za pansi pa kakhadi kaja zingolandira nambala 46 zokha, poti 18 peresenti ya 255 ndi 46. Nambala zotsala zoposa 200 zipita ku mbali yowala, kumene diso silisiyanitsa bwino n'komwe. Kumeneko n'kugawa ndiwo mopanda nzeru: wanjala walandira kachidutswa, wokhuta walandira mbale yonse. Chithunzi chotere chimaoneka bwino pamtambo ndi pa malaya oyera, koma mumthunzi, patsitsi, ndi pankhope ya munthu wakhungu lakuda ngati langali, mtundu umalumpha m'malo moyenda pang'onopang'ono, n'kumaoneka mizeremizere ngati mapu a jogalafe.

Ndiye chimene chimachitika n'chakuti kamera isanasunge chithunzi imapinda nambalazo. Imapereka nambala zambiri ku mbali yakuda, zochepa ku mbali yowala. Ikatero, kakhadi ka 18 peresenti kaja kamagwera cha pa 118, pafupi ndi pakati, pomwe diso limakaika. Kenako sikirini powonetsa chithunzicho imawongola zimene kamera inapinda, kuti kuwala kofika m'maso mwanu kufanane ndi kumene kunalowa mukamera. Kupinda ndi kuwongola kumeneku ndi kumene kumatchedwa gamma correction.

Mbiri yake ili ndi kamwayi kodabwitsa. Mukukumbukira ma TV akale a chimsana chachikulu aja, amene mwina akadalipo kwa agogo ataphimbidwa ndi kansalu? Mkati mwake munali chipangizo chowombera ma electron pagalasi. Chipangizocho mwachibadwa chake sichinkamvera molunjika: mukachepetsa mphamvu ya chizindikiro n'kufika theka, kuwala sikunkatsika kufika theka, kunkagwa mpaka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Mainjiniya anaona kuti kuika chokonzera vutoli mu TV iliyonse n'kuboola m'thumba, ndiye anakonzera ku kamera komweko, kuti chizindikiro chizichoka chitapindidwa kale. Mwamwayi, kupinda kumene TV inkafuna kunali pafupifupi komweko kumene diso la munthu limafuna. Ma TV aja anatha, masikirini amakono sawombera ma electron, koma amapangidwa dala kuti azitsanzira khalidwe lakalelo. Mu 1996 makampani a HP ndi Microsoft analemba muyezo wotchedwa sRGB, umene zithunzi zambiri za pa intaneti ndi za mufoni zimatsatira mpaka lero. Makompyuta a Apple anakhala zaka zambiri akugwiritsa ntchito gamma ya 1.8, ndiye chithunzi chimodzimodzi chinkaoneka choyererapo pa Mac kusiyana ndi pa Windows. Anasinthira ku 2.2 mu 2009.

Tulutsani kalikuleta

Apa ndi pomwe ma indices a m'kalasi ya masamu aja amagwira ntchito, inu amene mumafunsa kuti tidzawadyera kuti. Kuti musandutse nambala ya pixel kukhala kuwala kwenikweni, igaweni ndi 255, kenako yankholo mulikweze ku pawa ya 2.2. Pakalikuleta ya sayansi gwiritsani ntchito batani lija lili ndi x ndi kachilembo kena pamwamba pake. Nambala 2.2 imeneyi ndiye gamma, ndipo m'mabuku amailemba ndi chilembo cha Chigiriki cha dzina lomwelo.

Yesani 128. Kugawa ndi 255 kukupatsani 0.502. Kukweza ku pawa ya 2.2 kukupatsani 0.22. Ndi 22 peresenti ija. Yesani 64, imene mungaganize kuti ndi kota: mupeza 0.05, kapena kuti 5 peresenti yokha. Yesani 186, mupeza 0.50.

Tsiku limenelo madzulo ndinapita kwa alamu, tinakhala pakhonde ndi mwanayo ndi kope lake. Ndinamuuza kuti achite yekha. Anayamba ndi mbali ya padzuwa: 230 kugawa ndi 255 ndi 0.902, kukweza ku 2.2 ndi 0.80. Kenako mbali ya mumthunzi: 168 kugawa ndi 255 ndi 0.659, kukweza ku 2.2 ndi 0.40. Anakhala chete akuyang'ana kalikuleta.

"Amalume, 40 ndi theka la 80."

"Ndiye neti ikutchinga zingati?"

"Theka. Iii, ababa akanakachita manyazi kusitolo."

Ababawo anali pomwepo akukonza khasu, ndipo anangotsokomola.

Ndinene chilungamo pang'ono kwa inu okonda kufunsa mpaka pansi. Muyezo wa sRGB sugwiritsa ntchito 2.2 yekha ndendende. Uli ndi kachigawo kowongoka kumunsi kwenikweni, pafupi ndi kuda, kenako chigawo chopindika cha pawa ya 2.4. Ziwirizi pamodzi zimayenda pafupi kwambiri ndi 2.2. N'chifukwa chake ena amati theka la kuwala lili pa 186, ena pa 188. Pa ntchito ya kusukulu, 2.2 ndi wokwanira.

Pali kuyesa kwina kumene ndimakukonda chifukwa sikufuna kuti mundikhulupirire. Mu GIMP kapena pulogalamu ina yojambulira, pangani bokosi la mizere yakuda ndi yoyera yosinthanasinthana, yonenepa mofanana. Kumanzere kwake ikani bokosi la 128, kumanja la 188. Kenako bwererani m'mbuyo mpaka mizere ija isiye kuoneka payokhapayokha, isakanikirane m'maso. Theka la bokosi la mizerelo likuwala ndi mphamvu yonse, theka n'lozima, ndiye kuwala kwake ndi theka ndithu, apa palibe chokangana. Onani kuti likufanana ndi liti. Lifanana ndi la 188. La 128 lioneka loderatu.

Tsono chepetsani chithunzi cha mizerecho kuti chikhale kakang'ono. Mapulogalamu ambiri pochepetsa chithunzi amangotenga avereji ya nambala za ma pixel oyandikana: 0 kuphatikiza 255, kugawa ndi 2, n'kupeza 128. Bokosi limene linkawala 50 peresenti latsala pa 22. Ndi cholakwika chomwechija cha mwana wa mlongo wanga, koma chochitidwa ndi pulogalamu. N'chifukwa chake chithunzi cha nyenyezi usiku, kapena cha malaya a timizere ting'onoting'ono, nthawi zina chimada chikachepetsedwa. Mapulogalamu osamala amayamba awongola nambalazo, n'kutenga avereji, n'kuzipindanso. Opanga magemu ndi makanema a pakompyuta amachita chimodzimodzi powerengera kuwala kwa nyali ndi mithunzi.

Musanakhulupirire nambala, funsani fayilo

Gamma si msampha wokhawo. Si fayilo iliyonse imene 0 amatanthauza kuda. Mafayilo a TIFF ali ndi kachizindikiro konena ngati 0 ndi kuda kapena kuyera, ndipo masamba otumizidwa pa fax ambiri amaika 0 kukhala kuyera, poti pepala limayamba lili loyera. Osindikiza mabuku nawo amawerengera inki: 0 peresenti ndi pepala lopanda kanthu, 100 peresenti ndi kuda. Zithunzi za X-ray zakuchipatala zimasungidwa mu mtundu wa fayilo wotchedwa DICOM, umenenso umalola njira zonse ziwiri, ndipo kawirikawiri zimakhala ndi ma bit oposa 8. Ma bit 12 amapereka masitepe 4,096 m'malo mwa 256. Dokotala amasankha chigawo cha nambalazo chimene akufuna kuona, cha mafupa kapena cha mapapo, chifukwa sikirini singaonetse zonse bwinobwino nthawi imodzi.

Posandutsa chithunzi cha mitundu kukhala cha phulusa, mitundu itatu ija sipatsidwa mphamvu yofanana. Diso limamva kwambiri kuwala kobiriwira, ndiye pa muyezo wa sRGB kobiriwira kamatenga pafupifupi 72 peresenti, kofiira 21, ka buluu 7 yokha. Tomato wakupsa ndi tsamba lake, zimene pachithunzi cha mitundu simungazisokoneze, zikhoza kutuluka zofanana ndithu pa black and white.

Tibwerere ku nazale, chifukwa ndili ndi ngongole ya kuulula kumodzi. Yankho lathu la 50 peresenti linatuluka loyera kwambiri moti linandikayikitsa. Foni yamakono siimangopinda nambala ndi gamma basi. Imakometsanso chithunzi mwa nzeru zake: imawalitsa mithunzi, imazimitsa powala kwambiri, makamaka HDR ikakhala yoyatsa. Ikatero, 2.2 uja sagwiranso bwino. Foni ya mlongo wanga ndi yachikale, ilibe zambiri zoterezi, ndipo mwina ndi zimene zinatipulumutsa.

Mwanayo analinso atachita zinthu ziwiri molondola osadziwa. Choyamba, mbali zonse ziwiri za pepala zinali m'chithunzi chimodzi. Akanajambula zithunzi ziwiri, china padzuwa china mumthunzi, kamera ikanasintha yokha kuchuluka kwa kuwala kumene ikulowetsa, ndipo mapepala onse akanatuluka ofanana, ngati kuti neti kulibe. Chachiwiri, mbali ya padzuwa inali 230, sinafike 255. Pixel ikafika pa 255 ili ngati ndowa yodzadza: kaya mwathiramo kapu imodzi yowonjezera kaya mgolo wonse, imangooneka yodzadza basi, ndipo simungawerengere kanthu. Ngati foni yanu ili ndi mwayi wojambula mu RAW, nambala za m'fayilo imeneyo zimatsatira kuwala molunjika, zisanapindidwe. Mafoni ambiri alinso ndi kachipangizo koyeza kuwala pamwamba pa sikirini, kamene kamathandiza sikiriniyo kuwala kapena kuzilala yokha, ndipo pali timapulogalamu taulere towerenga kachipangizoka mu lux. Njira imeneyo ndi yachidule kuposa kujambula.

Ife tinalibe RAW, ndiye tinayesa mwa njira ina. Ngati neti imodzi ikudutsitsa theka, ziwiri zosanjikiza ziyenera kudutsitsa theka la theka, pafupifupi kota. Lamlungu masana titachokera kutchalitchi tinapinda chotsala cha netiyo pawiri, alamu atagwira mbali ina, ine mbali ina, titaikweza m'mwamba kuti timabowo take tisaoneke papepala. Mwanayo anajambula. Ndisanatsegule laputopu ndinamuuza kuti alosere yekha nambala imene ituluke. Anawerengera chobwerera: kota wa 0.80 ndi 0.20, kukweza ku pawa ya 1 kugawa ndi 2.2, kuchulukitsa ndi 255. Analemba 123 pakona ya kope.

Titaloza pachithunzicho, mbali ya padzuwa inali 230 ngati kale, ya mumthunzi inali 124.

Alamu anasuzumira pasikirini, n'kuyang'ana pakope, n'kufunsa ngati nambala zomwezi zingawauzenso tsiku loti aokere. Mwanayo anawayankha kuti zimenezo akafunse alangizi. Tsamba la 27 peresenti lija sanalithothole m'kope. Analemba mzere umodzi wopingasa, pansi pake n'kuyamba masamu atsopano, ndipo Lachitatu anapita nalo ku kalabu ya sayansi pamodzi ndi kachidutswa ka neti kamene anadula bambo ake asakuona.